Dzanja Limene Lilowetsa Chubu m'Kholingo

Anthu amene abwera ndi odwala awo ku chipatala cha boma cha Kasungu, kaya achokera kwa Santhe, ku Chamama kapena m'maesiteti a fodya, amadziwa dokotala wogwira mpeni, koma sadziwa uja aima kumutu kwa wodwala m'chipinda cha opaleshoni. Ndipo popeza ntchito imeneyo ndi yanga, ndiloleni, owerenga olemekezeka, ndikutsegulireni chitseko pang'ono.

Tikagoneka munthu ndi mankhwala olefula minofu, iye sakhozanso kupuma yekha, ndipo mpweya wake wa moyo ukhala m'manja mwathu. Pamenepo tiyenera kulowetsa chubu m'kholingo, njira ya kumapapo, osati kum'mero kopita nsima, pakuti njira ziwirizi zili moyandikana, ndipo chubu chosokera chipha mwakachetechete m'mphindi zowerengeka. Chitsulo chokhota cha kanyali kunsonga, chimene titukulira nacho lilime, anachikonza Robert Macintosh ku Oxford mu 1943, ndipo chimene agwira wophunzira wa dzulo ndi chomwecho chimene agwira mkulu wotuluka m'sukulu ya ogoneka odwala imene Dr Paul Fenton anayambitsa ku chipatala cha Queen Elizabeth mu 1988. Kusiyana kuli m'dzanja.

Wophunzira amawerama kufikira mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza milomo ya wodwala, natsamiza chitsulocho pa mano akutsogolo ngati wozula chitsa, ndipo dzino lithyoka koma kholingo osaoneka. Wokhwima amaima chilili, msana wowongoka, nanyamula lilime ndi nsagwada pamodzi kulinga kutsogolo ndi kumwamba, osakhudza dzino. Ofufuza anapeza kuti munthu afunika kuichita ntchitoyi pafupifupi ka 50 asanayambe kupambana ka 9 pa ka 10. Ndipo apa pali chotidetsa nkhawa, pakuti amayi ambiri obereka ndi opaleshoni timawabaya jakisoni wa pamsana, amene ali wabwino koposa, koma achititsa kuti achinyamata athu agwire chubu mwa kamodzikamodzi, nakumana nacho usiku umene mayi wataya magazi kapena wakomoka, khosi lake lili lotupa ndi mimba, mpweya ukutha msanga kuposa wa munthu wina aliyense.

Koma ine ndinena kuti luso lenileni liyamba chitsulo chisanagwidwe. Mkulu pa ntchitoyi ayang'ana kufupika kwa khosi, kuchepa kwa chibwano, chithokomiro ngati chilipo, ndi mano ogwedera a wosuta chingambwe. Aika mtsamiro pansi pa mutu, ayesa makina oyamwa zamkamwa, nayala pambali chubu chaching'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akalephera kawiri, saumirira chifukwa cha manyazi monga achitira wachinyamata, koma abwerera ku masiki nampatsa wodwala okosijeni, podziwa kuti kuyesa kulikonse kutupitsa kholingo ndi kulichuchitsa magazi, ndi kuti chipatala cha Kamuzu Central cha ku Lilongwe chili kutali makilomita oposa 100, kumene thandizo silingachokere m'mphindi zitatu.

Chifukwa chake tikakufunsani ngati wodwala wadya, musatibisire kaphala kamene munampatsa mwachifundo m'mamawa, pakuti yankho lanu ndilo litiuza mankhwala oti tisankhe, ndi ngati wina ayenera kukanikiza pakhosi kuti phalalo lisabwerere n'kulowa m'mapapo.