Galu Wonga Chokolopera ndi Zithunzi Zake

Anzanga, ku dziko la Hungary kuli mtundu wa agalu wotchedwa Puli, amene abusa akhala akuwetera nawo nkhosa kuyambira kalekale. Galu ameneyu safanana ndi agalu athu a ubweya waufupi ayi. Ubweya wake umapotana nukhala zingwe zolendewera, nuphimba ngakhale maso, kotero kuti akagona mungamuyese chokolopera chathu cha ku hositelo. M'chaka cha 2011 zithunzi za galu wotere, dzina lake Beast, zinayamba kuonekera pa Facebook, pakuti mbuye wake anali Mark Zuckerberg amene anayambitsa Facebook yomweyo.

Tsono anthu akalandira chithunzi cha galu wosekesa chotere sangochiyang'ana chabe. Wina amamuveka magalasi, wina chipewa, wina amamukweza pamwezi, natumizirana kuti aseke. Kodi amachita bwanji? Ine ndinayesa ntchitoyi patchuthi, poti kuno mafoni saloledwa, ndipo ndifuna kukufotokozerani.

Chithunzi cha m'foni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa pixel. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, ndipo kawirikawiri iliyonse imachokera pa 0 kulekeza 255. Pulogalamu yonga Photoshop, imene inayamba kugulitsidwa mu 1990, imalola munthu kusankha timadontho ta galu yekha, kutichotsa, ndi kutisanjika pa chithunzi china, monga momwe timasanjikira pepala loonekera pa mapu.

Apa ndiye pagona vuto. Galu wakwathu savuta kudula, chifukwa malire a thupi lake ali ngati mzere wa pensulo. Koma galu waubweya ali ndi timaubweya tosawerengeka, tina tocheperapo kuposa kadontho kamodzi. Motero kadontho ka m'mphepete kamatenga mtundu wa galu pang'ono ndi wa udzu wa kumbuyo kwake pang'ono. Mukamukweza pamwezi, amapita nako kubiriwira kwa udzuwo mozungulira thupi lonse, chonsecho kumwezi kulibe udzu! Mukati mufufute kubiriwirako, mumameta galu, nakhala ngati wosemedwa pamtengo. Mapulogalamu atsopano amadula okha mwaluso ndithu, komabe pa ubweya mpamene amaphonya kawirikawiri.

Kwa ine masewera amenewa ndi abwino, pakuti galu sadandaula, ndipo aliyense adziwa kuti ndi nthabwala. Koma njira yomweyi ndiyo imaika munthu pamalo pamene sanapondepo, ndipo mnyamata kapena mtsikana angathe kuitanidwa kwa a Hedimasitala chifukwa cha chithunzi chabodza. Tsitsi la munthu limavutanso kudula monga ubweya wa Puli. Chomwecho mukakayika chithunzi, chikulitseni ndi zala ziwiri, muyang'ane m'mphepete mwa tsitsi, kenaka muone ngati mthunzi wa munthuyo wagwera mbali imodzi ndi mithunzi ya zinthu zina zomuzungulira.