Kudziwa Sayansi ndi Kuiphunzitsa

Munthu angathe kukhala ndi digiri ya sayansi, koma ataima pamaso pa ana a Fomu 1, nzeru zakezo nkusowa polowera. Nchifukwa chake wotereyu amayenera kuphunziranso za uphunzitsi: kukonza phunziro, kufunsa mafunso, ndi kuyesedwa m'kalasi lenileni.

Ku Domasi, m'boma la Zomba, ntchito yosula aphunzitsi njakale. Sukulu ya Jeanes idatsegulidwa mu 1929, ndipo mu 1993 koleji ya Domasi idayamba kusula aphunzitsi a kusekondale. Mu 2004 kudadza maphunziro a SMASSE, olimbikitsa aphunzitsi a sayansi kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Kumene kulibe labotale, mandimu ndi madzi a phulusa zimasonyeza kusiyana kwa asidi ndi alikali.

Mwana woloweza sayansi pamtima amaiwala mayeso akangotha, koma amene adaigwira ndi manja ake sangaitaye.