Komboni Si Mudzi: Phunziro la ku Karoi

M'mafamu a fodya ozungulira Karoi, m'boma la Hurungwe ku Zimbabwe, antchito ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankakhala m'makomboni. Nyumba zinali zothinana, ndiponso zinali za mwini famu: ntchito ikatha, pogona pathanso. Kugawanso minda kutayamba mu 2000, mabanja ochuluka anasowa kolowera, pakuti analibe mudzi wobwererako.

Choncho alangizi ndi alimi asathamangire kuumba njerwa. Ayambe agwirizana kuti malowo ndi a yani, chitsime chikumbidwe pati, ndipo bwalo la milandu ndi magule likhale kuti. Zimbudzi za Blair zimangidwe kumunsi, kutali ndi chitsimecho. Munthu amabzala mtengo wa mango pakhomo pamene akudziwa kuti sadzathamangitsidwapo.