Chitsulo chowotcherera sichichotsedwa ndi hamala

Mnyamata wina wa kabaza wa kuno ku Chongoni anabwera ku shedi kwanga akukankha njinga yake yamoto ya Lifo, fulemu itang'ambika pansi pa chishalo. Mwini wake woyamba ankanyamulira matumba a kachewere kupita nawo ku Chimbiya ndi pa Linthipe, ndiye anawotchererapo mabulaketi awiri, tizitsulo togwiriza kaliyala wamkulu. Mnyamatayu pofuna malo okweza anthu anapita kwa wina amene anamuchotsera ndi hamala ndi tchizulo. Mabulaketi anachokadi, koma limodzi linapita ndi chidutswa cha paipi ya fulemu.

Mawu amene anditopetsa ndi akuti, "Ingomenyani bwana, chigwa chokha." Ambiri amayesa kuwotcherera n'kumata, ngati chigamba cha pa chubu chimene ungamatule ndi chikhadabo. Si choncho. Moto wa welodingi umasungunula bulaketi, ndodo yowotcherera ndi fulemu yomwe, zonse n'kuuma zili chitsulo chimodzi. Palibenso malire oti tchizulo alowepo. Tsono khungu la paipi ya njinga zing'onozing'onozi nthawi zambiri silipitirira mamilimita 2, pamene bulaketi la kumsika limakhala lochindikala kuposa apo. Mukamenya, chogonja ndi chopyapyalacho.

Palinso malo amene mabuku amati heat-affected zone, kachigawo kozungulira chowotchereracho kamene sikanasungunuke koma kanapsa mpaka chitsulo chake kusintha. Mng'alu umakonda kuyambira pamenepo. Sumaoneka tsiku lomwelo. Umayenda pang'onopang'ono pansi pa penti, njinga ikudumpha m'mabampu a msewu wafumbi wotsikira ku M1, mpaka tsiku limene yakweza mayi ndi mwana kumsana. N'chifukwa chake sindigwirizananso ndi odula ndi gasi. Amapsereza kachiwiri malo opsa kale.

Ife timadula bulaketi, fulemu osayikhudza. Galayinda idutse mamilimita 2 kapena 3 kutali ndi paipi. Kachitsa kotsalako timakadya ndi flap disc, disiki ya timapepala ta sandipepa, tikupumira kuti chitsulo chisasanduke chabuluu, n'kumalizira ndi fayilo ya pamanja. Bola kusiya kachotupa kusiyana ndi kukumba dzenje m'paipi.

Musanayatse galayinda, tsitsani thanki muyiike kutali. Yopanda mafuta musayikhulupirire, pakuti chimene chimayaka ndi mpweya wa petulo, ndipo mbaliwali za galayinda zimauluka mamita angapo. Chotsani batire, kabuleta muphimbe, mawaya muwasunthe. Valani magalasi, ndipo gadi ya galayinda isachoke, chifukwa disiki ya mamilimita 115 imazungulira kopitirira ka 10,000 pa mphindi. Ikasweka, zidutswa zimafika kumaso. Pakhosi pa fulemu, pamene pali nambala ya chasisi, musapalepo, mungadzavutike kufotokozera apolisi. Mukatha pakani pulayimala ndi penti tsiku lomwelo, poti nkhungu ndi mawawa a ku Dedza sizichedwa kubweretsa dzimbiri.

Njinga zimasiyana, ndipo sindingaweruze yanu ndisanayione. Koma bulaketi likakhala pafupi ndi khosi, pomangira injini kapena pogwira mashokapu, ndipo silikulasa mwendo wa munthu, ine ndimauza mwini wake kuti alisiye. Ndalama ya ntchitoyo ndimayiphonya, iye n'kupita ndi fulemu yamphumphu.