Nthenda ya Akavalo Imene Imauluka ndi Tizilombo ta Usiku

Pa matenda onse amene amagwira akavalo mu Africa, palibe amene alimi ndi madokotala a ziweto amawaopa kuposa nthenda yotchedwa African horse sickness, chifukwa ilibe mankhwala ochiza ndipo ikalowa m'khola la akavalo osabayidwa katemera imatha kupha 70 mpaka 95 mwa akavalo 100 alionse amene adwala. Nthendayi inakhazikika m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndipo imakula m'dzinja, kunja kukamatentha komanso nthaka ikakhala yachinyezi.

Choyambitsa chake ndi kachilombo ka gulu la Orbivirus, kamene kali ndi mitundu 9, ndipo kavalo sapatsira mnzake mwa kukhudzana kapena kudyera pamodzi. Kachilomboka kamanyamulidwa ndi tizilombo touluka tocheperatu kuposa udzudzu, totchedwa Culicoides, timene timaswana m'dothi lonyowa ndi m'ndowe za ng'ombe ndipo timaluma kwambiri kuyambira dzuwa likamalowa mpaka m'bandakucha. Mbidzi zimasunga kachilomboka m'magazi koma kawirikawiri siziwonetsa kudwala, abulu a mu Africa nawonso safa nayo kwenikweni, choncho nyama zooneka zathanzi zimatha kufikitsa nthendayi kumene kunalibe.

Alimi a ku South Africa anapatsa mayina a Chiafrikaans mitundu iwiri yoopsa ya nthendayi malinga ndi mmene mutu wa kavalo umaonekera. Mtundu wa dunkop, kutanthauza mutu wowonda, umagwira mapapo: thupi limatentha mpaka madigiri 41, kavalo amaima atatanyula miyendo yakutsogolo ndi kutambasula khosi pofunafuna mpweya, ndipo mapapo akadzaza madzi thovu limatuluka m'mphuno, imfa n'kutsatira patangopita maola ochepa. Mtundu wa dikkop, kutanthauza mutu wonenepa, umagwira mtima ndipo umayenda pang'onopang'ono, koma umadziwika ndi kutupa kwa timaenje ta pamwamba pa maso, kutupa kumene kumafalikira kumutu, kukhosi ndi pachifuwa. Nthawi zambiri mitundu iwiriyi imaphatikizana mwa kavalo mmodzi.

Mbiri ya nthendayi ndi yaitali. Mu 1719 inapha akavalo pafupifupi 1,700 m'dera la Cape, ndipo mliri wa mu 1854 ndi 1855 unapha pafupifupi 70,000 m'dera lomwelo, pa nthawi imene maulendo, malonda ndi nkhondo zinkadalira kavalo. Arnold Theiler, dokotala wa ziweto wochokera ku Switzerland amene anayambitsa malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort pafupi ndi Pretoria mu 1908, anathera zaka zambiri pa nthendayi, ndipo pamalo omwewo m'pamene katemera anapangidwa m'zaka za m'ma 1930 komanso pamene R. M. du Toit anatsimikizira mu 1944 kuti tizilombo ta Culicoides ndi timene timaifalitsa.

Nthendayi ikatuluka mu Africa imasakaza koopsa, popeza akavalo a kumeneko alibe chitetezo chilichonse m'thupi. Pakati pa 1959 ndi 1961 inapha nyama za mtundu wa kavalo zoposa 300,000 ku Middle East mpaka ku India, mu 1987 inalowa ku Spain kudzera mu mbidzi zochokera ku Namibia n'kufalikira ku Portugal ndi ku Morocco, ndipo mu 2020 inapha akavalo mazanamazana ku Thailand.

Popeza dokotala sangachite zambiri kuposa kupumitsa kavalo wodwala ndi kuchepetsa ululu, nkhondo yeniyeni ili pa kupewa. Ku South Africa akavalo amalandira katemera wa Onderstepoort chaka chilichonse pakati pa 1 June ndi 31 October, nyengo imene tizilombo timachepa, chifukwa katemerayu ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa kamene tizilombo tikhoza kukatenga ndi kukafalitsa. Katemerayu amabwera m'mabotolo awiri amene amabayidwa motalikirana masabata osachepera atatu. Chigawo cha Western Cape chili ndi madera otetezedwa kumene kavalo salowa popanda chilolezo cha boma. Mlimi payekha ayenera kutsekera akavalo m'khola lotchinga ndi maneti othiridwa mankhwala dzuwa lisanalowe, kuwatulutsa kunja kutawala, kuchotsa ndowe ndi zithaphwi pafupi ndi khola, ndi kuyeza kutentha kwa thupi tsiku lililonse m'dzinja.

Aliyense wosunga akavalo, abulu kapena nyulu akaona chiweto chikutentha thupi, chikubanika kapena chatupa pamwamba pa maso, asachisamutse ndipo adziwitse alangizi a ziweto tsiku lomwelo.