MANO OLIMBA ACHOKERA M'MBALE

Anthu a ku Senga Bay, m'boma la Salima, ali ndi mwayi umene anzawo ambiri a kumtunda alibe. M'mawa asodzi akocheza padooko ndi usipa ndi utaka, ndipo nsomba zimenezi ndizo chakudya chomanga mano. Usipa wouma udyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe. M'mingamo muli kashiamu, chinthu chimene thupi limangira mafupa ndi mano. Mkhwani, bonongwe ndi chigwada zithandizanso, ndipo mango, magwafa ndi malalanje zilimbitsa nkhama kuti zisamatuluke magazi.

Koma pali chinthu chodandaulitsa. M'mabanja ena nsomba zonse zipita kumsika, ndipo ndalama zina zibwerera kunyumba zitasanduka maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Makolo ayesa kuti akondweretsa mwana, pamene akumuwonongera mano.

Kuwola kwa dzino kuyamba motere. M'kamwa mwa munthu aliyense mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Shuga akatsalira m'mano, tizilomboti timudya ndi kutulutsa asidi amene asungunula khungu lolimba la dzino pang'onopang'ono. Malovu atsuka asidiyo, koma asowa nthawi. Tsono mwana amene amyamwa maswiti kuyambira m'mawa mpaka madzulo sapatsa mano ake mpumulo, ndipo potsiriza dzino libowoka. N'chimodzimodzi msodzi amene amwa tiyi wa shuga wambiri kangapo usiku kuti achotse tulo.

M'chaka cha 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 a shuga patsiku, kuwerengera ndi wa m'zakumwa yemwe, ndipo masupuni 6 ndiwo abwino koposa. Ana ayenera kulandira wochepa kuposa pamenepa.

Mwana amera mano oyamba 20, ndipo wamkulu akhala nawo 32. Pa zaka 6 pamera mano otafunira akumbuyo amene saguluka ngati oyamba aja. Limodzi la amenewa likazulidwa, lina silimeranso. Munthu wopanda mano okwanira alephera kutafuna nyama, mtedza, mondokwa ndi ndiwo zolimba. Akamakalamba angodalira phala, ndipo thupi lake lifooka msanga.

Chifukwa chake makolo ayenera kusiyako nsomba zina za ana asanagulitse zonse. Zotsekemera zidyedwe pa nthawi ya chakudya yokha, osati tsiku lonse, ndipo ludzu lithetsedwe ndi madzi abwino. Aliyense atsuke mano kawiri patsiku ndi mswachi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, makamaka asanagone. Dzino likayamba kuda kapena kuwawa, ndi bwino kupita ku chipatala cha boma ku Salima msanga tsaya lisanatupe, pakuti dzino loonedwa msanga lingathe kupulumuka. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: mano amene nkhalamba idzatafunira asamalidwa mwini wake akali mwana.