KUONETSA MLENDO MASEWERA A CANDAMALE

Mwana wa ku Ng'ombe sasowa womphunzitsa kulasa. Asanayambe sukulu amakhala atapanga kale legeni lace ndi kamtengo ka mphanda ndi mphira wa njinga, ndipo madzulo anyamata amaimika citini pa citsa, nayesana kuti aone amene acigwetse ndi miyala yowerengeka. Sapha mbalame, sadyapo kanthu; cowakondweretsa ndico kumva citini ciri kulira. Masewera omwewo amacitidwanso ndi akulu m'maiko ambiri, koma iwo amagwira mfuti m'malo mwa legeni, nalasa pepala la mizere yozungulira m'malo mwa citini. Dzina lace ndi candamale. Nkhani ino ifotokoza m'mene mlendo wocokera kunja, amene kapena sanagwirepo mfuti cibadwire, amaonetsedwera masewerawa popanda ngozi.

Nkhaniyi iwakhudza anthu a ku Ng'ombe pa cifukwa ici. Komboni yao iri pafupi ndi mayadi a Roma ndi Kalundu, ndipo University of Zambia siiri kutali. Ambiri a iwo amagwira nchito kumene kumafika alendo: ena ayendetsa magalimoto, ena ndi alonda, ena aphika m'mahotela. Mlendo akafuna kudziwa kumene munthu angayese mfuti, woyamba kufunsidwa kawiri-kawiri ndiye dalaivala kapena mlonda. Yankho la munthu ameneyo likhoza kumpatsa mlendo tsiku lokondwa, koma likhozanso kudzetsa maliro ndi mlandu.

Kumene masewerawa anacokera

Makolo anali nazo mfuti za gogodera, zija zothira onga ndi cipolopolo ca kukamwa. Alenje a Acikunda anaphera nazo njobvu m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa. Koma onga unali wa mtengo wapatali, kotero kuti mlenje wanzeru sakadautaya pa cinthu cosadyedwa. Candamale cinadziwika kuno ndi asilikali. Ngakhale liu lomwelo lioneka kuti ndi mlendo, pakuti ku India kuphunzira kulasa ndi mfuti amakucha "chandmari", ndipo mu 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali a ku India ku Nyasaland, amene anaphunzitsa asilikali akuda. Magulu amenewo ndiwo analowa mu King's African Rifles mu 1902.

Ku Mangalande bungwe la National Rifle Association linayamba mu 1859, ndipo mpikisano wace woyamba unacitika ku Wimbledon mu 1860. Woyamba kuombera tsiku limenelo anali Mfumukazi Victoria. Akatswiri anamangirira mfuti pa copondera colimba, nailunjikitsa bwino, ndipo Mfumukaziyo inangokoka cingwe. Cipolopolo cinakagwa pakati pa candamale pa mtunda wa mayadi 400. Mu 1890 mpikisanowo unasamukira ku Bisley, kumene ucitikabe. Pa masewera a Olympic oyamba a nyengo ino, ku Athens mu 1896, candamale cinalipo.

Masewerawa safuna mphamvu kweni-kweni, koma mtima wodekha. Oscar Swahn wa ku Sweden analandira mendulo ya siliva mu 1920 ali ndi zaka 72. Mu 1992, ku Barcelona, mkazi wa ku China dzina lace Zhang Shan anapambana amuna onse pa kulasa mbale zouluka. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Coyamba ndi lamulo

M'dziko la Zambia mfuti siibwerekedwa monga khasu. Lamulo la Mfuti, limene linakhazikitsidwa mu 1969 ndipo lidziwika kuti Chapter 110, linena kuti wokhala ndi mfuti kapena zipolopolo akhale ndi laisensi. Mlendo wobwera ndi mfuti yace ayenera kuionetsa pa cipata ca dziko, natenga cilolezo ca masiku owerengeka, ndipo pobwerera aturuke nayo. Mlonda amene wapatsidwa mfuti ya pa nchito alibe ufulu wakumgwiritsa mlendo, cinkana mlendoyo atamsonyeza ndarama zambiri. Cotero yankho loyenera kwa mlendo ndi limodzi: amperekeze ku kalabu kapena ku bwalo lololedwa, kumene kuli mphunzitsi wodziwa nchito yace, ndipo ngati pali cikaiko akafunse ku polisi.

Wina anganene kuti kuseri kwa komboni kuli dambo kapena munda wopanda anthu. Koma Lusaka wa makedzana, wa chire ponse-ponse, anatha. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo kumene kale kunadya ng'ombe tsopano kuli nyumba zothithikana. Cipolopolo ca mfuti yaing'ono ya .22 cikhoza kupitirira mamita 1,500, ndipo ca mfuti yaikuru ya alenje cikhoza kupitirira makilomita 3. Cikaphonya citini siciima; cimapita kufikira citapeza khoma, mtengo, kapena mai wotunga madzi. Cikagunda mwala kapena madzi cimanjanja, nicitenga njira imene woombera sanaiganizire. Ndico cifukwa cace bwalo la candamale limakhala ndi mulu waukuru wa dothi kumbuyo kwa mapepala, woti umeze cipolopolo ciri conse, ndi mbendera yofiira yocenjeza anthu kuti kuli kuombera.

Alendo sali amodzi

Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kufunsa. Ku Japan lamulo la 1958 liletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti koma pa zifukwa zowerengeka, ndipo ku Britain mfuti zambiri za m'manja zinaletsedwa mu 1997, ana a sukulu ataphedwa ku Dunblane mu 1996. Mlendo wocokera ku maiko otere kapena anaiona mfuti m'kanema mokha. Amafika ali kunthunthumira, kapena ali kuyesa kuti ndi cidole cojambulitsa naco cithunzi. Wina amacokera ku dziko kumene mfuti ziri m'nyumba zambiri, nanena kuti adziwa zonse. Onse awiri amaphunzitsidwa cimodzi-modzi, kuyambira pa ciyambi, pakuti safunsa anadya phula.

Bvuto lina ndi cinenero. Mphunzitsi asanaturutse mfuti m'bokosi ayenera kupangana ndi mlendo liu limodzi lakumuimitsa. M'mipikisano ya maiko onse liu limenelo ndi "Stop". Likamveka, cala cimacoka pa kacitsulo kaja koombera, mfuti iikidwa pansi itapenya ku mulu, ndipo palibe wofunsa cifukwa. Munthu ali yense pa bwalopo, ngakhale wosesa, ali ndi mphamvu yakupfuula liu limenelo akaona coipa. Mlendo akangobvomera ndi mutu, mphunzitsi asakhulupire kuti wamva. Amuuze kuti acite ndi manja cimene wauzidwa. Wonunkha mowa abwezedwe mwaulemu, ngakhale atalipira kale.

Malamulo anai

Pali malamulo anai amene mlendo amawaloweza asanakhudze cipolopolo. Loyamba: mfuti iri yonse iyesedwe kuti iri ndi cipolopolo, ngakhale mwini wace atalumbira kuti mulibe. Laciwiri: kamwa la mfuti lisapenye cinthu cimene munthu safuna kuciononga. Lacitatu: cala cikhale cowongoka kunja kwa kacitsulo kufikira diso litaona candamale. Lacinai: woombera adziwe cimene ali kulasa ndi cimene ciri kuseri kwace. Malamulowa amacinjirizana. Munthu akaiwala limodzi, ena atatu akhoza kumpulumutsa. Ngozi imadza pamene awiri aiwalika nthawi imodzi.

Ngozi yodziwika ya ophunzira ndi iyi: mlendo walasa pakati, wakondwa, natembenuka kuti auze anzace, mfuti iri m'manja. Cifukwa ca ici mphunzitsi amaima pafupi, kumbuyo kwa phewa la mlendo, pamene dzanja lace lingafike pa mfuti msanga. Ndiponso tsiku loyamba amaika cipolopolo cimodzi cokha nthawi iri yonse.

Makutu ndi maso abvekedwe zochinjiriza. Kulira kwa mfuti kumaononga tizinthu ta m'kati mwa khutu timene sitimeranso, ndipo ugonthi wace umadza pang'ono-pang'ono. Atatha, onse asambe m'manja ndi sopo asanadye, pakuti zipolopolo zambiri ndi za mtobvu, umene uli poizoni m'thupi.

Kuombera koyamba

Nzeru ndiyo kuyamba ndi mfuti yofatsa. Mfuti ya mpweya iribe onga. Imaponya kacipolopolo ka mamilimita 4.5, siikankha phewa, ndipo siisokosa. Pa Olympic amaiombera pa mtunda wa mamita 10, ndipo kadontho ka pakati ndi ka theka la milimita, ngati nsonga ya pensulo. Koma ngakhale iyo iboola diso, cotero malamulo anai aja sacepa. Pambuyo pace imadza ya .22, imene m'mipikisano imalasa pa mamita 50. Kumpatsa mlendo mfuti yaikuru poyamba, kuti anzace aseke ikamponda phewa, ndi nkhanza; ndipo munthu wopondedwa motero amazolowera kutsinzina ndi kugwedeza mfuti isanalire.

Munthu ali yense ali ndi diso limodzi lotsogolera. Mlendo aloze cala pa cinthu cakutali maso onse ali otsegula, natseke diso limodzi, kenaka linzace. Diso limene lisiya cala ciri pa cinthuco ndilo lotsogolera, ndipo mfuti kawiri-kawiri iikidwa pa phewa la mbali yomweyo. Atakhala pa mpando, mfuti itatsamira pa thumba la mcenga, mlendo amalinganiza coyang'anira ca kumbuyo, kansonga ka kutsogolo ndi candamale, diso liri pa kansongako. Amapuma, naturutsa mpweya pang'ono, nauimitsa, nafinya kacitsulo pang'ono-pang'ono. Wokoka mwadzidzidzi amapotoza mfuti, ndipo kupotoka kosaoneka ndi maso pano kumakhala kuphonya kwakukuru uko.

Mphunzitsi sayang'ana poyamba ngati mlendo walasa pakati. Amayang'ana ngati mabowo asanu ali pamodzi. Akaunjikana pa ngodya ya pepala, manja ali bwino, ndipo cotsala ndico kusuntha coyang'anira. Akamwazikana ngati nthanga za dzungu, colakwa ciri kwa munthu. M'kati mwa mpope wa mfuti za makono muli mizere yopotana imene imazunguza cipolopolo monga nguli, ndipo cinthu cozungulira motero sicipepeluka. Gogodera analibe mizereyi. Ndico cifukwa cace mlenje wakale anayenera kukwawira nyama kufikira pafupi.

Mbale zouluka ndi alenje

Alendo ena amakonda mfuti ya cifefe, imene imamwaza tizipolopolo tambiri. Kale azungu anamasula nkhunda zamoyo naziombera, ndipo ku Paris mu 1900 nkhunda pafupi-fupi 300 zinaphedwa pa mpikisano umodzi. Mu 1880 George Ligowsky wa ku Amereka anali atapanga kale kambale kadothi koponyedwa m'mwamba, ndipo m'kupita kwa zaka kambaleko kanalowa m'malo mwa mbalame. Kukula kwace ndi masentimita 11, ndipo ulendo umodzi munthu amaponyeredwa mbale 25. Apa woombera salunjika pa mbale peni-peni, koma patsogolo pace, monga amacitira mnyamata wa legeni pa njiwa youluka.

Ngakhale mlenje wocokera kunja, wopita ku cigwa ca Luangwa ndi cilolezo ca Department of National Parks and Wildlife, amayamba ndi pepala. Mfuti imagwedezeka m'ndege ndi m'galimoto, ndipo mlenje wamkuru wompereka afuna kuona ndi maso ace ngati mfuti ndi mwini wace alasa molunjika, pakuti njati yolasidwa moipa imabisala niyembekeza amene aitsata.

Pomariza, mfuti imatsegulidwa, mphunzitsi nayang'ana m'kati ndi maso, nasonyeza mlendo kuti mulibe kanthu. Zipolopolo zotsala ziwerengedwa, ndipo mlendo asatenge ngakhale cimodzi ca cikumbutso, cifukwa cikapezeka m'thumba mwace pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda udzakhala mlandu. Cikumbutso cace ndico pepala lija la mabowo asanu, lolembedwa tsiku ndi mtunda.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Iye adzakwera ndege nabwerera kwao, koma dalaivala ndi mlonda uja adzatsala ku Ng'ombe, pakati pa anansi ao ndi ana a anansiwo. Womtsogolera mlendo ku bwalo lololedwa madzulo adzadya nsima yace ndi mtima uli pansi, ndipo mlendoyo akadzabweranso adzamfunafuna.